Nyumba ya pa Cerro Barón

Anandiuza kuti nyumba sigona,
imagwira ntchito mwini wake ali m'tulo.
Ananena ndi Baldomero, mlamu wanga,
amene sanagulepo ngakhale khola la nkhunda.

Zaka makumi atatu ndinayendetsa basi
kukwera ndi kutsika mapiri a Valparaíso.
Ndalama zopumira ntchito zitabwera
ndinazikokolola zonse, banki n'kuwonjezera zake,
n'kugula nyumba yosanja ya malata obiriwira
yoyang'ana kudoko.
Tsiku losaina ndinavala taye.

Sanandiuze za mphepo ya m'nyanja,
momwe imanyambitira denga ndi lilime lamchere
mpaka lichite dzimbiri ngati chitini chakudzala.
Sanandiuze za chiswe.
Chiswe chinalowa m'nyumbamo ine ndisanabadwe,
sichinalipirepo lendi,
ndipo palibe khoti lingachitulutse.

Chivomezi cha mu Juni chinali chaching'ono,
makapu sanagwe n'komwe,
koma khoma lakukhitchini linachita mng'alu
wolowa chala changa chachikulu.
Wa inshuwalansi anabwera ndi tochi ndi nsapato zoyera.
Anati, mng'aluwu ndi wakale, bambo,
werengani tsamba lomaliza, timalemba tating'onoto.

Mwezi ukangoyamba banki imadya.
Sifunsa ngati chipinda chapansi muli munthu.
Mulibe, kuyambira pa Isitala,
pamene anyamata awiri apakoleji anasamuka usiku
n'kundisiyira bilu ya madzi, matiresi onyowa,
ndi mphaka.

Dzulo ndinakwera masitepe zana ndi makumi anayi,
mawondo akulira ngati mabuleki otha,
m'thumba muli kalata ya loya.
Mayi Eulalia Quezada, chipinda chapamwamba,
miyezi itatu osalipira.
Mawu ndinawanolera m'njira, ouma, opanda chonde.

Ananditsegulira ndisanagogode.
Moni panalibe, anangoloza kudenga.
Pansi mabeseni anayi ndi ndowa,
dontho lililonse ndi liwu lake,
makina awo osokera atafunditsidwa pulasitiki.
Anati, Don Evaristo, madiresi awiri aukwati anaonongekera pano,
lendi yanu ili mmenemo.

Ndani ali ndi ngongole kwa mnzake?
Ndinayesa kuwerengera chamumtima,
masamu anakana.

Kalata ija sinatuluke m'thumba.
Ndinabwereka makwerero kuseri kwa mpanda,
n'kukwera padenga ndi phula ndi misomali,
ine wa imvi, mwininyumba, bwana.
Ndili pamwambapo ndinaona zombo zikutsitsa makontena,
ndinaona basi ikukhota pangodya yomwe ndinkakhota,
ndipo ndinamusirira woyendetsayo:
akafika kumapeto kwa msewu amazimitsa injini,
ntchito n'kutsala pomwepo.

Herminia, mkazi wanga, akuti gulitsa.
Wotsatsa nyumba akuti dikirani,
chiwongoladzanja chakwera, ogula alowa m'mauna,
mukagulitsa lero mulipira banki n'kutsala ndi taye yokha.
Baldomero masiku ano amangokamba za mpira.

Usiku uno ndatsegula kope langa la mizere yofiira.
Phula. Misomali.
Msonkho wa khonsolo, gawo lachitatu.
Pulambala amene anati Lachiwiri, osanena la mwezi uti,
theka atadya kale.
Kumbali ya zolowa ndalemba:
Mayi Quezada, theka la mwezi,
ndi malaya anga awiri otembenuzidwa makolala.
Mphaka wadzagona pakopepo,
sindikudziwa mbali yomulemba.

Herminia wazimitsa nyale.
Kunyanja mitambo ikusonkhananso,
ndipo ndikukumbuka lata limodzi la kumpoto
lomwe misomali inandithera ndisanalifike.
Ndagona chagada, khutu lili kudenga lathu,
mtima uli kudenga lina.
Baldomero sananame.
Nyumba sigonadi,
ndipo siifuna kukhala maso yokha.