Malesa a Kuseri kwa Khutu

Miyezi itatu khutu la Mwandida likuchucha.
Tinkapukuta ndi nsonga ya chitenje,
azakhali ake anadonthezamo mafuta a nsatsi,
ntchentche zikumuperekeza mpaka m'kalasi.
Aphunzitsi anati ngwamwano, akaitanidwa sayankha.
Inenso ndinamukalipirapo. Kawiri.

Lachitatu lija kuseri kwa khutu kunafufuma,
khutulo n'kupendekera kutsogolo
ngati chitseko chotayika msomali.
Thupi moto.
Tinachoka ku Linyangwa panjinga yamoto, iye pakati,
bampu iliyonse akundiluma malaya.

Pachipatala cha pa boma ku Kasungu
magetsi anali atangoyaka kumene.
Mayi Chipeta ojambula mafupa
anamugoneka chammbali patebulo lozizira:
"Usagwedezeke, mama, werenga mpaka zitatu mumtima."
Makina anangoti tii, basi.
Ndinayesa atinamiza.

Kenaka pagalasi lowala
mutu wa mwana wanga, wopanda tsitsi,
wopanda chipsera cha pamphumi chija,
mano osamera atafola pansi pa anzawo
kudikira nthawi yawo.

"Fupa ili lili ndi tizipinda," anatero adokotala,
cholembera chikuloza.
"Kumanjaku mukuda chifukwa muli mpweya.
Koma kumanzere kuno..."

Sanafunike kumaliza.
Zaka makumi awiri ndikufula njuchi m'malire a paki,
malesa ndimawadziwa.
Ndimadziwanso lesa lolowedwa njenjete,
timakoma titagumuka,
zipinda zonse zitasanduka phala.
Sindinkadziwa chabe kuti mwana amene ndinabereka
amayenda ndi mng'oma wake m'mutu,
ndipo ine, mlimi wa njuchi,
sindinautsegule nyengo yonseyi.

Akuti pakati pa mafinya ndi ubongo
khoma lake n'lopyapyala ngati chikhadabo.
Akuti ichi n'chithunzithunzi chabe,
ku Lilongwe kuli makina oona mutu magawomagawo
ngati buledi, popanda mpeni.
Kalata alemba, chidindo amenya.
Ambulansi mawa, mafuta akapezeka.

Usiku muwodi diripi ikudontha
mmene uchi umadonthera pansalu yosefera,
osafulumira, osaima.
Wina pabedi lapakona akutsokomola.
Ndinazungulira kumanja, kukhutu lamoyolo,
ndinagwada, ndinati chapansipansi:
"Sunali mwano, mwanangu."

Anakhala chete nthawi yaitali,
mpaka ndinayesa nalonso lagontha.

"Ababa," anatero osatsegula maso,
"ming'oma ija mwasiyira ndani?"