Choko cha Telala

Ndatsika basi pa Salima, thukuta layamba kale,
jekete yakunja ndaipinda pamkono ngati mwana wogona.
Wakabaza akufunsa ngati ndachokera ku Joni.
Ndati ayi, kupitirira pamenepo,
kumene mpweya wa m'kamwa umaoneka ngati utsi.

Malume a Gwirize ali pakhonde la sitolo,
phazi likupalasa makina, tepi ili m'khosi.
"Felesiya, tionetse.
Milungu itatu yonseyi unkangophunzira za unamwino?"

Ndatsegula foni.
Iyi ndi sitima yoyenda pakati pa msewu,
imaliza belu ngati njinga.
Uyu ndi khofi, kapu yake ngati chitsekero cha botolo,
mtengo wake mungagule tambala.
Apa nkhalamba ikuliza zeze wachizungu pansi pa mlatho.
Ndinaima mpaka zala zinachita dzanzi,
ndinavinako pang'ono, poti panalibe wondidziwa.
Ndisaname, malume, ndinakondwa.

"Nanga mdimawu?"

Ichi n'chipinda cha pansi pa nthaka.
Wotiyendetsa anati pa nthawi ya nkhondo
anthu anabisamo makina osindikizira,
usiku n'kumadinda timapepala
tokana adani amene analanda mzindawo.
Anawagwira m'mamawa, tambala asanalire.
Pakhoma pali mayina.
Wina anali wophika buledi, wina mphunzitsi,
wina mtsikana wosakwatiwa
amene ankanyamula timapepalato m'dengu la njinga
pansi pa kabichi.
Pali maluwa, pali makandulo,
ana asukulu ali duu ngati m'tchalitchi.
Ndinawerenga mayina onse, lilime likupunthwa.
Kenako ndinakwera masitepe n'kukagula keke.
Tsiku lomwelo, malume, msewu womwewo.
Keke inakoma, ndipo ndinachita manyazi.

Makina aima.
Malume akulitsa chithunzi ndi zala ziwiri,
chala chachikulu chili ndi mabala a singano.
"Onse anawalemba?
Ngakhale wongonyamula?"

Ndati eya.

Ayang'ana kunjanji, kumene mbuzi zagona.
"Agogo anga anali a Sandifolo Kamdende.
Pa nkhondo ya Jeremani kunabwera amesenjala
kufuna mitu yosenza katundu.
Iwo anati nkhondoyo si yawo.
Anabisala m'bango la Linthipe masiku asanu ndi limodzi,
udzudzu ukuwadya, akutafuna chinangwa chachiwisi.
Atamva kuti agwira mkazi wawo m'malo mwawo
anatuluka okha, matope mpaka m'chiuno.
Anawasenzetsa bokosi, kulowera kumpoto.
Basi.
Manda palibe. Chithunzi palibe.
Tinangotsala ndi ziwiri:
anali amanzere, ndipo therere sankalifuna."

Ine ndakula pakhonde lino,
ndatola tinsalu todulidwa n'kusokera zidole,
nkhaniyi sindinaimvepo.
Ndinachita kukwera ndege ziwiri
kuti ndidzaimve pano.

Malume atenga choko chija amalembera nsalu,
chabuluu, chotha mbali imodzi.
Pakhoma pali kale zolemba zawo:
chiuno cha abusa, msinkhu wa diresi ya ukwati,
amene sanamalize kulipira yunifolomu.
Apukuta malo ndi chikhatho,
alemba pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu,
SANDIFOLO KAMDENDE,
aima, aganiza,
awonjezera pansi pake: ANAKANA.

Maluwa tilibe.
Ndagula mango awiri kwa mayi wa pamsewu,
ndaika pansi pa khomalo.
Nyerere zafika msanga kuposa alendo.

"Mvula ikadzawomba mbali ino lidzafufutika," ndatero.
"Choko chilipo," ayankha.

Wakabaza uja wabwerera, ndinaiwala chenji.
Wawerenga khoma, milomo ikugwedera.
"Amenewanso ali ndi ngongole, madala?"

Malume abweza phazi pa makina.
"Ngongole ilipo, mwana wanga,
koma anakongola si iwo."

Makina ayambanso kulira.
Ndakweza foni, ndajambula khomalo,
chithunzi chakhala pafupi ndi cha keke.