Kuwerenga Mtima wa Bambo

Mayeso ali Lachisanu.
Ndatsika kombi yochokera ku Avondale manja akununkha sopo wokolopera,
poti m'jimu momwe ndikufuna kudzaphunzitsa anthu
pakali pano ndimangopukuta thukuta lawo pazitsulo.
Buku lili m'chikwama, lada m'makona ngati ndalama ya pamsika.

Aphunzitsi athu, mai Mandizvidza, adati:
kuloweza kokha sikukwana, pezani thupi loyeserapo.
Kuno ku Mufakose thupi laulere ndi limodzi,
la bambo anga, a Mbalule,
ali pakhonde kudikira magetsi ngati mlendo amene adalonjeza dzana.

Bambo, ndibwerekeni mkono.
Zala ziwiri pamtsempha, chachikulu ayi,
chimenecho chili ndi kugunda kwake, chimanamiza.
Diso pa wotchi.
Masekondi khumi ndi asanu, wagunda kakhumi ndi kasanu,
kuchulukitsa kanayi, sikisite.
Ndikuti: mtima wa wothamanga uwu!
Akuti: ndinkathamangira kuti? Ndinkangosenza.

Buku likuti pa mazana awiri ndi makumi awiri
uchotsepo zaka za munthu,
chotsalacho ndiye malire a liwiro la mtima wake.
Koma zaka zawo ndi zingati?
Chitupa chimati wani Januwale,
chaka adachipeneka kalaliki atayang'ana ndevu.
Samu yanga yagwa isanaimirire.

Ndazungulira kumbuyo kwawo ndi tepi.
Phewa lamanzere latsika ndi zala ziwiri.
Mnofu uwu, ndikutero, dzina lake delitoidi.
Aseka mpaka kutsokomola:
amenewo ndi malo a thumba la mbatata, mwanawe,
zaka makumi atatu pa Mbare,
kuchoka pa lole kukafika kwa amayi ogulitsa.
Msana wawo ndi buku lina
lolembedwa popanda cholembera,
ndipo silinandifunse chizungu.

Kenaka ndakoka kireti ya zakumwa.
Mphindi zitatu, bambo: kwera, kwera, tsika, tsika,
ine ndiziimba sipuni pambale kusunga mayendedwe,
mukatha tiwerenge mmene mtima ukubwerera pamalo pake.
Phazi limodzi lili kale pamwamba
pamene ndakumbuka tsamba loyamba,
lija ndimalilumpha chifukwa ndi losavuta.
Mafunso asanayambe masewera.

Dikirani kaye.
Mumamva chizungulire? Ayi.
Mafupa, mawondo? Amenewo ndi anzanga akale.
Pachifuwa pamapweteka mukagwira ntchito?

Chete.
Galu wa kwa aneba wauwa kawiri.
Ayang'ana uko kuli mpanda, kumene kulibe kanthu.
Pang'ono, akutero.
Kuyambira mu Juni, ndikatunga madzi ku mjigo.
Chimangokhala ngati munthu wandikhalira apa,
ndikapuma amachoka.
Amako usawauze.

Yankho lake ndimalidziwa, lili pa mzere wachitatu:
wina akati inde, usamuyese, mtumize kwa dokotala.
Pa pepala ndi malikisi awiri okha.
Pakhonde pano likulemera kuposa zitsulo zonse za ku Avondale.

Ndabweza kireti kuseri kwa chitseko.
Sipuni ndaiika m'thumba, sindikudziwa chifukwa chake.
Lachinayi m'mamawa tidzakhala pamzere wa ku kiliniki,
iwo ndi chipewa chawo cha kutchalitchi,
ine ndi buku pamiyendo,
ndikuloweza mmene mpweya umalowera m'magazi,
mmene mnofu umang'ambikira pang'ono kuti ukule,
mmene kupuma nakonso kuli mbali ya masewera.

Magetsi abwera cha m'ma teni.
Mkono wawo sindinausiye.
Akuti: wawerenga kale, nanga ukufunanso chiyani?
Ndikuti: ndikubwereza, bambo,
aphunzitsi amati muziyesa kawiri.
Pansi pa zala zanga akugogodabe,
modekha, ngati munthu wodziwa
kuti m'nyumbamo muli womutsekulira.