Pakamwa pa Valdomiro

Valdomiro sankalitchula bwino dzina langa.
Kwa iye ndinali "galu iwe,"
akadzuka bwino "mbuzi ya ku Mooca."
Mvula ikasandutsa misewu ya São Paulo mitsinje
wailesi ya pachifuwa panga inkalavula makala:
"Chitsiru iwe, mankhwala a eni ake ukupita nawo chokwawa?"
Ine n'kubweza langa, lonenepa kuposa lake,
iye n'kuseka mpaka kutsokomola fodya wa zaka makumi atatu.
Moni wathu unali umenewo.

Sikuti zonse zinali nthabwala.
Tsiku lina analowetsamo mayi ake a Jucélia,
chiwaikireni m'manda mwezi usanathe.
Jucélia anavula chisoti, n'kuchikhazika pa tebulo pang'onopang'ono.
Tonse zii, firiji yokha ikung'ung'udza pakona.
"Amenewo ayi."
Valdomiro anafiira makutu, maso pa ndandanda ya maoda
ngati kuti "pepani" analembedwa penapake pamenepo.
Sanamupeze.
M'mawa mwake anasiya khofi ndi buledi wa tchizi
pa chishalo cha njinga ya Jucélia, osanena kanthu.
Khofiyo anamwa. Buledi anadya nkhunda.

Basi itandikankha pa msewu wa Marginal Tietê
anafika ndi iyeyo ambulansi isanafike,
nsapato zosiyana kumapazi,
akutukwana dalaivala, akutukwana phula, akutukwana ine,
chikhatho chake chili kunsi kwa mutu wanga.

Kenako kampani inagulidwa.
Valdomiro anapuma ntchito. Ena amati mtima, ena amati pakamwa.
Kunabwera Thales, mnyamata wa malaya ositidwa,
wogogoda ngakhale chitseko chili chotsekula.
"Chonde." "Ngati simudandaula." "Zikomo chifukwa cha khama lanu."
Madzulo ake ndinauza mkazi wanga tikudya,
"Lero anditchula kuti bambo Edivaldo,"
ndipo ndisaname, zinandikoma.
Munthu ukhoza kumera imvi
usakudziwa kuti unali ndi ludzu la mawu amenewo.

Ulemu womwewo unabudula pang'ono malipiro a phukusi lililonse,
n'kuthokoza kuti tamvetsa.
Ndani anati tamvetsa?
Lachinayi usiku foni ya Jucélia inawala:
"Wokondedwa mnzathu, ndife achisoni kukudziwitsani..."
Anachedwa katatu, katatu konse kunali mvula.
Anauwerenga kawiri, kufunafuna poti n'kugwira.
Chitonzo chili ndi chigwiriro,
umachitola n'kuchiponya kwa mwini wake.
Uthengawu unali sopo wonyowa.

Ndinakwera masitepe ndi matukwano odzaza m'masaya,
onse amene Valdomiro anandisiyira ngati chuma chamasiye,
madzi a m'nsapato akulemba njira pa kapeti.
Nditafika, pakamwa panga panatuluka
"Pepani bwana, ndingakusokonezeni pang'ono?"
Ndinadzida.

Thales anatseka chitseko, n'kutembenuzira kompyuta kwa ine:
mayina ofiira, makina asankha kale,
batani lobweza palibe.
"Ndalemba makalata atatu kumwambako," anatero,
"onse ayankhidwa mwaulemu."
Anayang'ana uku ndi uku ngati mwana woba shuga
kenako anatukwana, chonong'ona,
kamawu kamodzi, kowonda, kopanda mchere,
komwe Valdomiro akanakabweza kusitolo.
Sindinaseke. Sikanabwezere Jucélia ntchito.

Lamlungu ndinapita kuchipatala.
Valdomiro wachepa, mipaipi m'mphuno,
namwino akumukonzera pilo iye akuti "zikomo mwanawe,"
mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo.
Atandiona anatambasula dzanja
n'kundiitana ndi dzina langa lonse, Edivaldo, mosalakwitsa.
Apo m'pamene ndinachita mantha.
"Galu iwe," ndinatero, "dzuka, maoda akudikira."
Anatseka maso, mapewa akugwedezeka,
namwino akundiyang'ana ngati munthu wosaleredwa.