Kalaliki wa Pasikelo

Zaka makumi awiri ndi zinayi
ndinakhala patsinde pa mbawa, m'mphepete mwa tiyi ku Chitakale,
kukoleka mitanga ya anthu pa sikelo,
kuwerenga muvi, kulemba m'kaundula.
Makilo makumi anayi, Dailesi.
Makumi atatu, Muhiwa, masamba ako anyowa.
Sindinabepo ngakhale theka.
Manambala ankandimvera ine.

Lachiwiri lija kunali chiperoni.
Bolopeni inapulumuka m'dzanja ngati mlamba.
Ndinati ndiitole, mkono unakana.
Ndinati ndiitane, pakamwa panathawira kukhutu.
Azimayi anayamba aseka kaye,
ati akalaliki alawira kachasu.
Dailesi yekha sanaseke.
Mayi ake anapita choncho.
Anataya mtanga, nakaima kutsogolo kwa thalakitala.

Kuchipatala namwino anandimanga lamba pamkono,
napopa, napopa, mpweya fuu,
maso ali pa muvi monga ndinkachitira ine.
Nkhope yake ndinaizindikira:
ndi ija ndinkavala
mtanga ukalemera kuposa mwini wake.
Thu handiredi ndi teni.

Elube, mkazi wanga, anakalipa:
Bwanji osaitsitsa lero lomwe bipiyo?
Adokotala anati, Mayi, munakwerako phirili?
Wotsika ku Sapitwa salumpha.
Tikaigwetsa kamodzi
ubongo wovulalawu ufa ndi ludzu.
Titsika mwala ndi mwala.

Tinalipo atatu mbali ya kuzenera.

Nakhumwa, telala wa ku Limbuli,
nambala yake inakakamira pamwamba
ngati mtambo wokana kuchoka pa Chambe.
Usiku wachisanu anamutchinga ndi nsalu zobiriwira.
M'mawa matiresi ake anali padzuwa.

Sikoti, wogulitsa zinanazi pamsewu wa ku Muloza,
anatuluka akuyenda yekha,
akuimba kamluzu kokhota.
Thupi litapepuka anati, Ndachira ine,
mankhwala ndi a odwala.
Zinanazi zisanapse kawiri
wakabaza anandiuza za maliro ake
uku akundipatsa chenji.
Sitiroko yachiwiri sinena odi.

Wachitatu ndine.
Sindinali wolungama kuwaposa.
Ndinkakonda mchere wowaza pa kanyenya
mpaka milomo kuyera,
ndipo mutu ukamagunda kunkhongo
ndinkati ndi dzuwa,
ndinkati ndi ngongole,
ndinkati ndi mfiti ya kwa aneba.
Magazi anali kusefukira mwakachetechete
ngati Ruo usiku,
ine ndili kalikiliki kuyeza za ena.

Tsopano ndili ndi kaundula wina,
kope la mdzukulu la masamu lotsala masamba.
Dzanja lamanzere, lomwe silinapiteko kusukulu,
likuphunzira kulemba ndi imvi.
Seveni amatuluka ngati khasu lothyoka.
Faifi amagwa chagada.
Koma ndimalemba:
tsiku, nambala yapamwamba, yapansi,
ndi kamtanda ngati ndameza kambewu ka m'mawa.

Miyezi ina pazenera la mankhwala amangoti, Atha.
Elube amasenza mkoko wa nthochi mpaka pamsika
nabwera ndi kapepala ka masiku khumi.
Mchere anaubisa.
Ndikudziwa uli m'chitini cha ulusi,
iye akudziwa kuti ndikudziwa,
ndipo chitinicho chili pomwepo chaka chachitatu.

Mwendo wakumanja umabwera mochedwa
ngati mwana wotumidwa wosafuna.
Ndimaudikira.
Mawu ena sanabwerere konse:
dzulo ndinafuna kunena bulangeti
ndinanena mlatho,
Elube anandifunditsabe.

Likakhala Loweruka ndimatenga ndodo ya nsungwi
kukafika pa mbawa paja.
Pali kamnyamata ndi sikelo yowala manambala ofiira,
sikayang'ana ndi nkhope za anthu.
Dailesi amatula mtanga, napukuta thukuta,
nandifuulira anthu onse akumva:
Akalaliki, mwezi uno makilo angati?

Wani sate faifi, ndimatero,
lilime likukoka phazi.

Apepuka, amatero iye.
Musawonjezere.
Pamzere uno wopepuka ndiye amabweranso mawa.