Theka la Sekondi

Amandilipira kuti ndikhale mbala.
M'mawa uliwonse, m'nyumba yopanda mawindo ku Kempton Park,
ndimavula jekete, kutenthetsa zala pa kapu ya tiyi,
n'kuyamba kufunafuna poboola.

Chipinda chinacho muli a Lekgetho ndi anyamata awo,
maso pa rada, kulondera thambo longoyerekeza.
Mizinga yawo ndi manambala chabe.
Thukuta lawo ndiye lenileni.

Kale ndinkayesa kuti nkhondo yake ndi kuthimitsa,
kudetsa sikirini, kutseka makina makutu.
Koma wosaona amadziwa kuti saona,
amagwira ndodo, amafunsa njira.
Loopsa ndi diso lotseguka bwinobwino likamanama.

Sabata yatha ndinaba theka la sekondi.
Basi. Ndinangokokera wotchi yawo m'mbuyo pang'ono
monga umachotsera mpando munthu ali pafupi kukhala.
Mzinga wotchinga unanyamuka monyada
kukamenya pamene mdani anali, osati pamene ali,
n'kukumbatira mphepo.

Lachitatu ndinawaswera ndege khumi ndi ziwiri zopanda mapiko,
timadontho tobiriwira tochokera kumpoto.
Anazikhuthulira zida zonse, nkhokwe mbee!
Ya khumi ndi chitatu, yeniyeniyo,
inalowa ikuimba mluzu.

Za lero zokha ndi zomwe zandikhala pammero.
Ndinasintha chilembo chimodzi,
ndipo ndege ya anthu wamba, yotsika mwaulemu ndi nyali zake,
inavala dzina la mdani.
Kuseri kwa khoma ndinamva mpando ukukwekwereka,
mawu a Lekgetho: dikirani, dikirani kaye.
Masekondi asanu ndi anayi. Ndinawawerenga.
Kenaka wina anadina.

Tinaomba m'manja poti mayeso atheka.
Tinalemba lipoti. Bowolo tidzamata Lachisanu.

Tsopano ndili m'takisi, tapanikizana anayi pampando wa atatu,
magetsi azima ku Bez Valley konse,
maloboti afa, madalaivala akungoyang'anana m'maso.
Pamwamba pa milu yachikasu ya migodi yakale
ndege ina ikutsika, ikuphethira.

Loweruka mlongo wanga Tiyesere anyamuka ku Chileka,
ulendo wake woyamba wa m'mlengalenga,
kudzaonetsa mtima wake kwa madokotala a kuno ku Joni.
Wandifunsa pa foni ngati kumwambako kumazizira,
ngati amalola kunyamula botolo la kambuzi,
ngati akhale cha pawindo.
Ndamuyankha kuti atenge juzi.

Sindinamuuze kuti kwa makina iye ndi kadontho,
kopanda chipsera chija cha pachibwano,
kopanda mapiritsi omangidwa pansonga ya chitenje,
ndipo kadontho kamavomera dzina lililonse
lomwe wakapatsa amene wayamba kufika pa kiyibodi.

Wina akundigwira phewa kumbuyo.
Ndalama za takisi, zidutsitseni kutsogolo.
Ndalandira, ndawerenga,
ndawerenganso kachiwiri,
mayi wa pambali panga akundiyang'ana
ngati ndikufuna kuba.