Mpanda wa Nambala ku Huanuni

Mwezi wa Julaye, chisanu chikuluma zala,
a Villca analowa m'kalasi ndi choko chimodzi
ndi chifuwa cha zaka khumi ndi zisanu za mumgodi.
Anajambula mzere wozungulira pabolodi
nati, Uwu ndi mpanda.
Tiikemo nambala zathunthu, wani, thuu, fili, mpaka potopera.
Tengani ziwiri zilizonse, muchulukitse.

Saturnino anati seveni ndi naini.
Sikisite-fili. Ali m'kati.
Ine ndinasankha zikuluzikulu mwadala
kuti zithyole mpanda ndi kunenepa kwake,
ndinadzaza tsamba, pensulo inabuntha,
koma yankho linabwera ndi nkhope ya kwawo komweko.
Gulu lotere timati ndi lotseka, anatero,
mwana wake sabadwira kunja.
Zosagawika pawiri nazo n'chimodzimodzi:
fili ndi faifi abala fifitini,
wokanika kugawa ngati makolo ake.

Pawindo phiri la Posokoni linkatiyang'ana,
kukamwa yasa.
Agogo analowa m'menemo. Atate analowa m'menemo
nakwatira mwana wa munthu wa m'menemo,
wotola miyala pamulu wa zotaya.
Ndinachita samuyo chamumtima
ndipo yankho lake linali ine.

Ndinakweza dzanja.
Kodi palibe mpanda wokhala ndi mpata?

A Villca anatsokomola nthawi yaitali.
Kenaka anafufuta ndi mkono wa jekete
nalembamo za pansi pa ziro zokhazokha,
nambala za ngongole,
zomwe mayi ankazidziwa bwino
m'kabuku ka sitolo ya a Remigia.
Bwera, Nélida. Mainasi thuu ndi mainasi folo.
Ndinawerengera kawiri, osakhulupirira.
Eyiti.
Wopanda kamzere kutsogolo,
waima kunja, alibe naye mangawa munthu.

Ili si lotseka, anatero,
ndipo pamayeso musachulutse mawu,
chitsanzo chimodzi chikwana kugwetsa lamulo.
Belu linalira. Anasasa choko m'manja
natuluka osandiyang'ana.

Lero ndili ku Cochabamba,
ndimasunga mabuku a kampani ya mabasi,
ofesi yanga ili ndi fani ndi duwa la pulasitiki.
Saturnino ali pansi pa phiri, shifiti ya usiku.
A Villca chifuwa chinawatenga ndili chaka chachiwiri kukoleji,
ndinamva patapita milungu itatu.

Chimene sanatiuze ndinachipeza ndekha:
eyiti uja akakumana ndi mmodzi wa kwawo
amabwerera pansi pa ziro.
Kutha kwa mwezi foni imalira,
mankhwala a atate, nsapato za mwana wa mlongo wanga,
kabuku ka a Remigia kakadalipo, akulemba ndi mdzukulu.
Ndimatumiza. Sindidandaula.

Koma nthawi zina, madzulo, mabasi onse atapita,
ndimalemba samuyo kuseri kwa lisiti
kungofuna kuona ngati yankho likadali lomwe lija.